Ndiyambire Pati pa Ntchito Yoteteza Ana ku Mtovu M'makomo?

Mayi wina wogwira ntchito za umoyo m'boma la Angónia, m'chigawo cha Tete, walemba motere: "Akuluakulu anga andisankha kuti ndiyendetse ntchito yochepetsa chiphe cha mtovu m'makomo. Ndalama zake ndi za chaka chimodzi chokha ndipo n'zochepa. Tilibe makina oyezera mtovu m'magazi, ndipo anzanga ena akuti popanda makinawo palibe chimene tingachite. Chimene chikundisowetsa tulo ndi khomo lina la kufupi ndi msika, kumene bambo wa pakhomopo amaphwanya mabatire akale a galimoto ndi a sola pabwalo pomwe ana ake amasewera. Mwana wake wamng'ono wabwera kuchipatala kawiri atakomoka, koma malungo sanapezeke. Kodi ndalamazi ndigulire makina, kapena ndiyambire pati?"

Mayi, mtima ukhale m'malo, chifukwa zimene anzanuwo akunena sizoona. Pa zaka zimene ndagwira ntchito ya ukhondo ndi umoyo wa m'midzi ndaona kuti gawo lalikulu la ntchito yolimbana ndi mtovu limachitika ndi maso, miyendo ndi pakamwa, ndipo makina amabwera kudzatsimikizira zimene munthu watcheru waona kale. Mwana amatetezedwa pamene gwero la mtovu lachotsedwa pakhomo. Kuyeza magazi kumangotiuza kuti chiphecho chalowa kale m'thupi. Choncho ndalama zanu zochepazo zipite kaye pa kupeza magwero ndi kuwatseka, ndipo m'munsimu ndifotokoza mmene ndingayendetsere ntchitoyo ndikanakhala pamalo panu.

Koma nkhani ya mwana mwatchulayo isadikire ndondomeko iliyonse. Sindinamuone, ndipo kukomoka kuli ndi zifukwa zambiri, monga khunyu, matenda oumitsa khosi ndi kutsika kwa shuga m'magazi, zimene dokotala ayenera kufufuza. Komabe mwana wokomoka mobwerezabwereza, wopanda malungo, amene akukhala pabwalo pophwanyirapo mabatire, timamutenga ngati wadya mtovu mpaka zitatsimikizika kuti si choncho. Lankhulani ndi dokotala wa pachipatala cha Ulónguè sabata ino, mumuuze mosabisa ntchito ya bambo ake, ndipo mupemphe kuti ngati n'kotheka mwanayo atumizidwe ku chipatala chachikulu cha chigawo, Hospital Provincial de Tete. Pamene zimenezi zikukonzedwa, iye ndi abale ake akakhale kaye kwa agogo kapena kwa azakhali, ndipo kuphwanya mabatire pakhomopo kuime. Ndikulimbikira chonchi chifukwa zoterezi zinachitikapo. Ku Thiaroye-sur-Mer, kufupi ndi Dakar m'dziko la Senegal, ana 18 anamwalira pakati pa 2007 ndi 2008 m'dera limene anthu ankaphwanya mabatire ndi kusefa dothi kuti atolemo tizidutswa ta mtovu togulitsa. Ku Zamfara, m'dziko la Nigeria, ana oposa 400 anamwalira m'chaka cha 2010 chifukwa miyala ya golide yokhala ndi mtovu inkaperedwa m'makomo, ndipo chimene chinadzutsa ogwira ntchito zachipatala chinali kuchuluka kwa ana okomoka amene mankhwala a malungo sankawathandiza.

Muyenera kumvetsa bwino mmene mtovu umapwetekera mwana, chifukwa ndi zimene mudzakhale mukufotokozera mafumu, akuluakulu a boma ndi makolo. Mtovu umalowa m'thupi makamaka kudzera m'fumbi limene mwana amameza akamakwawa pansi, kuyamwa zala ndi kudya ndi manja osasamba, ndiponso kudzera mu utsi pamene mtovuwo ukusungunulidwa. Malinga ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, thupi la mwana wamng'ono limayamwa mtovu kuwirikiza kanayi kapena kasanu poyerekeza ndi la munthu wamkulu, ndipo limayamwa kwambiri ngati mwanayo ali ndi njala kapena akuperewera ayironi ndi kashiamu. M'magazi mtovu umatsika ndi theka pakatha pafupifupi mwezi umodzi, koma wambiri umakakhala m'mafupa kwa zaka makumi angapo, ndipo mayi akatenga pakati umatuluka m'mafupamo n'kufika kwa mwana wosabadwayo. Choopsa kwambiri n'chakuti ana ambiri okhudzidwa saoneka odwala. Ubongo wawo umawonongeka pang'onopang'ono, ndipo zotsatira zake zimadzaonekera kusukulu, pamene mwana akulephera kugwira zimene aphunzitsi akunena, sakhazikika, ndipo makolo amangoti ndi wopulupudza kapena wopanda nzeru. Palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene umadziwika kuti ndi wosavulaza. M'chaka cha 2020 bungwe la UNICEF pamodzi ndi la Pure Earth anayerekezera kuti mwana mmodzi mwa atatu alionse padziko lapansi, pafupifupi ana 800 miliyoni, ali ndi mamaikulogalamu 5 a mtovu kapena kuposerapo pa desilita imodzi (gawo limodzi mwa magawo khumi a lita) ya magazi, umene ndi mlingo umene WHO imati munthu akafikapo gwero lake lifufuzidwe ndi kuchotsedwa.

Tsopano za makina. Alipo aang'ono onyamulika, monga otchedwa LeadCare II, amene amayeza kadontho ka magazi a pachala n'kupereka zotsatira m'mphindi zochepa. Ndi abwino, ndipo sindikuwanyoza. Vuto lake n'lakuti mtengo weniweni uli pa zipangizo zoyezera zimene zimagulidwa kunja, zimatha mphamvu pakapita nthawi, ndipo sizigwirizana ndi kutentha kwambiri. Kwanu ku Angónia nyengo ndi yozizirirapo, koma katundu wodutsa mumzinda wa Tete mu Okutobala kapena Novembala amakumana ndi kutentha kopitirira madigiri 40. Ndaonapo makina a mtundu wina ndi wina akungokhala m'kabati chifukwa ndalama zogulira zipangizo zinatha pamodzi ndi chaka cha thandizo. Palinso funso limene muyenera kuliyankha musanabaye chala cha mwana aliyense: akapezeka nawo wambiri, mudzawauza chiyani amayi ake, ndipo mudzamutumiza kuti? Kuyeza ana mazanamazana popanda yankho la funso limeneli kumangobweretsa mantha, kenako anthu amaleka kukukhulupirirani. Chimene ndingachite ndi kulembera akuluakulu a zaumoyo a chigawo, kuti kudzera mwa iwo mufunse a bungwe la boma lofufuza za umoyo la Instituto Nacional de Saúde kumene magazi a ana ochepa okayikiridwa kwambiri angatumizidwe, kapenanso ngati pali mwayi wobwereka makina kwa milungu ingapo mutamaliza kalembera wa makomo oopsa. Pa nthawi imeneyo mudzakhala mukudziwa ana oyenera kuyezedwa. Mukadzafika poyeza, dzanja la mwana lisambitsidwe bwino ndi sopo, chifukwa kafumbi kochepa pachala kamakweza zotsatira, ndipo zotsatira zokwera zitsimikizidwe ndi magazi otengedwa mumtsempha.

Miyezi iwiri kapena itatu yoyamba ikhale ya kalembera. Musalembe antchito atsopano. Muli kale ndi ma APE, alangizi a zaumoyo a m'midzi, amene amalowa m'makomo, makomiti a zaumoyo, ndi anamwino a kusikelo ya ana ndi ya amayi apakati. Aphunzitseni kwa tsiku limodzi kapena awiri, muwapatse mafunso ochepa oti athe kuwasunga pamtima: kodi pakhomo pano kapena pa anansi pali amene amakonza kapena kuphwanya mabatire, kusungunula zitsulo, kuwotcherera, kupenta, kapena kupera miyala ya kumgodi, kodi mabatire akufa amasungidwa pati, kodi pali penti amene akusupuka pamene mwana angafike. Mafunso akachuluka mapepala amadzazidwa pansi pa mtengo munthu asanafike n'komwe pakhomo. Mayankhowo muwaike pa mapu a boma lanu, ngakhale ojambula pamanja, ndipo mudzaona kuti makomo oopsa kwambiri ndi ochepa ndipo aunjikana kufupi ndi misika, malo okwerera magalimoto ndi njira za kumalire monga ya ku Calómuè. Ndalama zanu zipite kumeneko.

Ndikhalitsa pa mabatire chifukwa m'madera ngati anu ndi amene ndimawaopa koposa. Anthu akagulitsa fodya, mbatata ya kachewere kapena soya amagula sola ndi batire kuti aziunikira, kumvera wailesi ndi kutchaja mafoni, ndipo ichi ndi chitukuko chimene palibe angachiletse. Koma batire yotere imafa pakatha zaka zochepa, ndipo kulemera kwake koposa theka ndi mtovu. Ikakhala yosaphwanyidwa, yoikidwa pouma ndi posafika ana, ngozi yake ndi yochepa. Tsoka limayamba ikang'ambidwa ndi chikwanje, madzi ake a asidi n'kutayidwa pansi, mbale za mkati n'kuyanikidwa padzuwa, kenako n'kusungunulidwa pa mbaula ya makala, nthawi zina mu poto amene mawa lake aphikiramo ndiwo. Phala louma la pa mbalezo limasanduka fumbi losalala kwambiri limene mphepo imalowetsa m'nyumba, limakakamira ku zovala ndi kutsitsi, ndipo bambo akaweruka n'kunyamula mwana wake amamupatsira. Ena amasungunula mtovuwo kuti apange zolemeretsa maukonde ndi mbedza, zimene asodzi a mu Zambezi ndi a ku Cahora Bassa amagwiritsa ntchito. Uthenga wanu pa mabatire ukhale umodzi ndi womveka: batire yakufa isatsegulidwe, igulitsidwe yathunthu pamodzi ndi madzi ake.

Apa ndi pamene ntchito zambiri zotere zimagwera. Bambo wophwanya mabatire uja si chigawenga, akusaka chakudya cha ana omwewo amene tikufuna kuwateteza. Mukapita ndi apolisi tsiku loyamba, ntchitoyo siitha, imangosamukira kuseri kwa nyumba kapena m'chipinda chotseka, kumene utsi ndi fumbi zimachuluka kuposa pabwalo. Pitani ndi nyakwawa kapena mlembi wa dera, mukhale pansi, mufunse kaye mmene malondawo amayendera, amene amagula mtovuwo ndi kusiyana kwa mtengo pakati pa batire yathunthu ndi mtovu wosungunula. Kusiyana kumeneko ndi kumene mukulimbana nako. Ngati mungagwirizane ndi ogula zitsulo zakale kuti azilandira mabatire athunthu pa mtengo wabwino, ndiponso ndi ogulitsa ma sola kuti azichotserako mtengo kwa wobweza batire yakale, mwachita zambiri kuposa zimene zikwangwani zonse za m'boma zingachite. Fufuzani kumene ogulawo amapita nawo, kuti musangosamutsira vutolo kwa ana a boma lina. Pemphani akuluakulu a boma kapena a tauni malo amodzi ofoleredwa, a simenti pansi ndi otsekeka, kutali ndi nyumba ndi zitsime, osungirako mabatire podikira galimoto. Amene apitirize kugwira ntchito ya zitsulo akhale ndi zovala za kuntchito zosiyidwa komweko, asambe asanapite kunyumba, ndipo asadyere kapena kusutira fodya pamalo a ntchito. Lamulo ndi chilango zili ndi malo ake, koma zisungireni amene akana atapatsidwa njira ina.

Kuimitsa ntchito pakhomo sikuyeretsa bwalo. Mtovu suola ndipo sutha ndi mvula. Ku Kabwe, m'dziko la Zambia, mgodi wa mtovu unatsekedwa m'chaka cha 1994, koma mpaka lero dothi la m'madera oyandikana nawo likudwalitsabe ana. Pabwalo pamene panaphwanyidwa mabatire, dothi lapamwamba liyenera kunyowetsedwa, kupalidwa, kuikidwa m'matumba ndi kukakwiriridwa pamalo amene a zachilengedwe avomereza, ndipo pabwalopo pathiridwe dothi loyera lochokera kutali. Ndi mmene anachitira ku Zamfara, ndipo ana ankapatsidwa mankhwala pamene makomo awo ayeretsedwa. M'nyumba ya dothi, kuzira ndi dothi loyera mutapala lakale kumathandiza, ndipo simenti imaposa pamenepo ngati ndalama zilola. Mphasa ndi zofunda zakale za m'nyumba yoteroyo nthawi zambiri zimafunika kutayidwa. Ntchito imeneyi isagwiridwe ndi ana kapena amayi apakati, ndipo pamalo pamene panasungunulidwa mtovu kwa zaka zambiri musayambe nokha, itanani akatswiri a zachilengedwe a chigawo.

Penti ndi gwero lachiwiri loti muliyang'ane. Wokayikitsa kwambiri ndi penti wa mafuta wa mitundu yowala, wachikasu, wofiira, wa olenji ndi wobiriwira, amene timapaka pazitseko, mawindo, mipando, mageti ndi zoseweretsa za pasukulu za mkaka. Malire amene WHO ndi UNEP, bungwe la United Nations loona za chilengedwe, amalimbikitsa mayiko kuika m'malamulo ndi magawo 90 a mtovu pa magawo miliyoni imodzi, koma munthu sangadziwe ndi maso, ndipo zolembedwa pachitini si nthawi zonse zimanena zoona. Penti wolimba pakhoma sakhala woopsa ngati amene akusupuka kapena kupalidwa. Choncho aphunzitseni opaka penti ndi akalipentala kuti asapale penti wakale pouma ndi sandipepala kapena kumuwotcha, anyowetse kaye, atole zosupukazo, ana ali kutali. Mkati mwa nyumba ndi m'makalasi limbikitsani penti wa madzi kapena laimu. Zoletsa penti woipa m'masitolo si mphamvu yanu, ndi ya oyendera malonda a boma ndi oona za miyezo a INNOQ, koma mutha kuwapatsa mndandanda wa mitundu ya penti yogulitsidwa m'misika yanu, kuphatikizapo yolowa kuchokera ku Malawi ndi ku Zambia, ndi kupempha kuti iyezedwe.

Magwero ena ndingowatchula mwachidule. Mapoto opangidwa posungunula zitsulo zakale za injini amatha kutulutsa mtovu, makamaka akaphikiramo kapena kusungiramo zowawasa monga matimati, bwemba ndi malambe. Dothi limene amayi ena apakati amadya, wanja wopaka m'maso ndi mankhwala ena a ufa osadziwika kochokera zingakhalenso nawo, ndipo pa zimenezi asing'anga a m'bungwe la AMETRAMO ndi azamba ndi anthu oti mukhale nawo pansi. Kumene anthu amakumba golide pamanja, monga m'madera ena a Chifunde ndi Macanga, si mwala uliwonse uli ndi mtovu, koma lamulo loti miyala isaperedwe pakhomo ndi labwino paliponse. Ena adzakufunsani za fumbi la malasha la ku Moatize, ndipo muwayankhe kuti ndi vuto lenileni koma la mtundu wina, lokhudza kwambiri mapapo, kuti ntchito yanu isamwazike. Adzatchulanso petulo, koma petulo wa mtovu analeka kugulitsidwa m'mayiko a kuno kum'mwera kwa Sahara pofika 2006, ndipo wa magalimoto padziko lonse anatheratu mu 2021.

Uphungu wa m'nyumba ndi wosavuta: kuwaza madzi musanasese, kukolopa m'malo mokuntha fumbi, kusambitsa ana m'manja ndi sopo asanadye, kuvundikira chakudya ndi madzi, ndi kuwapatsa ana chakudya m'mawa kuti asamasewere m'fumbi m'mimba muli pululu. Kapenta, nyemba, mazira, bonongwe, nkhwani ndi chisoso zimapereka ayironi ndi kashiamu amene amachepetsa kuyamwa kwa mtovu. Kuwiritsa madzi sikuchotsa mtovu, ndipo mkaka si mankhwala ake ngakhale amisiri ambiri amakhulupirira choncho. Chenjezo langa n'lakuti uphunguwu usasanduke ntchito yonse. N'kosavuta kuthera chaka mukuphunzitsa amayi kusamba m'manja n'kulemba malipoti okongola, pamene ng'anjo ikufukabe kuseri kwa mpanda, ndipo mwana akadwala mlandu umagwera mayi amene sanalakwe kanthu.

Pa kagawidwe ka ndalama, ine ndingaike gawo lalikulu pa mafuta a njinga zamoto, kuyeretsa makomo oipitsitsa ndi malo osungira mabatire, gawo locheperapo pa maphunziro ndi mauthenga a pawailesi ya m'dera, ndi kusungako pang'ono zoyendera za ana otumizidwa ku Tete. Malaya olembedwa ndi misonkhano ya m'mahotela zimadya ndalama mofulumira popanda mwana wotetezedwa. Ntchito ya dothi ichitike mvula isanayambe, misewu ikadali yodutsika, ndipo sabata yomaliza ya Okutobala, imene dziko lonse lapansi limakumbukira kupewa chiphe cha mtovu, ndi mpata wabwino woitanira akuluakulu a boma kudzaona zimene mwachita. M'malipoti anu muziwerenga makomo amene aleka kuphwanya mabatire, mabatire athunthu amene asonkhanitsidwa, mabwalo amene ayeretsedwa ndi ana amene mwawatsatira, ndipo muzibwereranso pakatha miyezi itatu kukaona ngati ntchito yakaleyo sinayambirenso. Mayina a mabanja asungidwe mwachinsinsi monga mmene timasungira za odwala ena. Ndipo popeza thandizo lanu ndi la chaka chimodzi, limbikirani kuyambira tsopano kuti mafunso a mtovu alowe m'ntchito ya masiku onse ya kusikelo ndi ya ma APE, kuti adzapitirire ndalama zikadzatha.

Anamwino ndi ma APE adziwe nthawi yoleka uphungu n'kuthamangira kuchipatala. Mwana wochokera pakhomo lokayikitsa amene akukomoka, kusanza mosalekeza, kugona mopitirira muyeso, kudzandira kapena kusiya kuchita zimene ankatha kale, monga kuyenda ndi kulankhula, atumizidwe tsiku lomwelo. Amene ali ndi kuchepa kwa magazi kosamva mankhwala, kupweteka kwa m'mimba kobwerezabwereza, kudzimbidwa ndi kusafuna kudya aonedwe ndi dokotala posachedwa, ndipo pa kalata yomutumizira palembedwe ntchito imene imachitika pakhomo. Mankhwala otulutsa mtovu m'thupi alipo, monga succimer ndi calcium EDTA, ndipo WHO imawalimbikitsa kwa ana aang'ono amene afika mamaikulogalamu 45 pa desilita kapena kuposerapo, koma amaperekedwa ndi dokotala yekha amene angathe kuyang'anira impso ndi magazi, sabwezeretsa ubongo umene wawonongeka kale, ndipo sapindula kanthu ngati mwana abwerera ku fumbi lomwelo. Mayi wapakati kapena woyamwitsa wa pakhomo lotere auze anamwino kusikelo kuti amutsatire mwapadera, makamaka pa kuthamanga kwa magazi ndi pa kashiamu. Amisiri eniakewo musawaiwale: amene akumva kupotokola m'mimba, kufooka kwa manja, mutu wosatha kapena kuthamanga kwa magazi apite kuchipatala, ndipo akafika anene okha kuti amagwira mtovu, chifukwa dokotala wotanganidwa sangaganizire zimenezo ngati sanauzidwe.